Kampani yondisinthira umwini wa galimoto: ntchito anagwira, koma malisiti tinachita kulimbirana

Mtengo wa galimoto tinagwirizana mphindi khumi zisanathe. Wogulayo, mnyamata wophunzitsa masamu kusekondale, anaizungulira kawiri, anatsegula boneti, anamvetsera injini, n'kutchula ndalama yake. Ine ndinakwezako pang'ono, tinagwirana chanza. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga mapepala ndiye tiyenda nawo bwanji, mayi?" Apo tonse tinangoyang'anana. Corolla ya 2009 imeneyi ndinakhala nayo zaka 11, koma chibadwire ndinali ndisanagulitsepo galimoto, ndipo poigula kalelo mapepala onse anayendetsa ndi ogulitsawo, ine ndinkangosayina pomwe andilozera.

Ndimagwira ntchito ya mashifiti mulabotale yapachipatala, ndiye tsiku loti ndikaime pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndilibe. Choncho ndinalemba kampani ina yomwe ntchito yake ndi kuyendetsera anthu mapepala a galimoto. Dzina lake sinditchula. Ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo ndineneretu kuti yachitatuyo si ya kampani, ndi ya mayi mmodzi amene amakhala padesiki yoyang'ana kukhomo.

Tinayamba kusemphana pa mtengo. Nditawaimbira, ananditumizira pa WhatsApp nambala imodzi yokha, pansi pake atalemba kuti "za boma ndi zathu, zonse pamodzi". Munthu ukangoona mawu oti boma nkhongono zimatha, chifukwa boma sunenerera nalo mtengo. Ndikukhulupirira kuti amalemba choncho dala. Ndinapempha kuti andipatulire, iyi ndi ya chiyani, iyi ikupita kuti. Mnyamata amene ankandiyankha anati, "Musadzivute nazo mayi, ife timazidziwa zonse." Ndinati kudziwa kwanuko n'kwabwino achimwene, koma ndalamayo ikuchoka m'thumba mwanga. Panadutsa masiku atatu mndandanda usanabwere. Utabwera unali ndi mizere 7: yosinthira dzina m'kaundula wa boma, yosindikizira chikalata chatsopano cha umwini, yoyezetsa galimoto, msonkho wa pamalonda, yofufuzira ngati galimotoyo ili ndi ngongole kuboma, malipiro a ntchito yawo, ndi mzere wotsiriza wongolembedwa kuti "zina ndi zina".

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti ndalama yosinthira dzina, imene ndinkaiopa kwambiri, ndiyo inali yochepetsetsa pa zonse. Malipiro a kampaniyo okha ankaiposa kanayi. Chimphona chinali msonkho wa pamalonda. Masiku atatu odikirawo ndinkakhala pa intaneti usiku kuwerenga mmene ena amachitira, ndipo ndinapeza kuti m'malo ambiri zili chomwecho. Ku California, m'dziko la America, kusintha dzina ndi madola 15 basi, koma wogula amapereka msonkho wosachepera 7.25 peresenti ya mtengo wa galimoto. Ku New South Wales, m'dziko la Australia, galimoto wamba yosafika madola 45,000 akumeneko amaidula madola 3 pa madola 100 alionse. Ku Kenya amayang'ana kukula kwa injini, yaikulu imalipira zambiri. Pomwe ku Britain kusintha dzina pa intaneti n'kwaulere, ndipo munthu akagulitsa galimoto yake kwa mnzake palibe msonkho wa pamalonda. Ndiye mawu oti "za boma" paokha satanthauza kanthu mpaka wina akuuze kuti ndi ziti.

Mndandandawo sunanene kuti mzere uti ndi wa ndani, ndipo apa malonda anatsala pang'ono kufa. Aphunzitsi aja ankaganiza kuti poti kampaniyo ndailemba ndine, zonse ndilipira ndine. Ine ndinkaganiza kuti poti dzina lolowa m'kaundula ndi lawo, alipira okha. Tinakambirana pafoni madzulo ena, mawu anayamba kukwera, mpaka iwo anati, "Ngati zili choncho mayi, tibwererenso pa mtengo uja." Sindinagone bwino. Ndinkafuna kugulitsa ndekha kuti ndipeze zochulukirapo kusiyana ndi zomwe ogulitsa magalimoto ankandipatsa, ndipo ndinapezadi, koma walira mvula walira matope.

M'mawa mwake tinakumana kuofesi ya kampaniyo, aliyense nkhope ili gwa. Mayi a padesiki aja anatimvetsera osatidula mawu, kenaka anatenga cholembera n'kudula mzere pakati pa pepala. Anati, "Zonse za dzulo ndi zanu mayi. Zonse za mawa ndi za aphunzitsiwa." Za dzulo ndiye zindapusa zakale, laisensi ya galimoto (msonkho wa pamsewu) ngati inatsalira, ndi kutsimikiza kuti galimoto ikuchoka m'manja mwanga ili bwino. Za mawa ndiye dzina latsopano, chikalata chatsopano ndi msonkho. Malipiro a kampani anati tigawane pakati. Anawonjezera kuti lamulo limangonena amene boma lidzamufunse ndalamayo, koma awiri inu mukhoza kupangana mulimonse, bola mulembe papepala la mgwirizano musanatseke mtengo. Ife tinachita chobwerera kumbuyo, kutseka mtengo kenaka n'kumafunsa. Nkhani yomwe inatidyera usiku wonse anaithetsa asanamalize kapu yawo ya madzi. Sindikumvetsa chifukwa chake kampaniyo siilemba zimenezi papepala la mtengo lomwe, poti mkangano umenewu ayenera kuti amauona sabata iliyonse.

Tsiku lomwelo mayiwo anatulukira chinthu china chomwe chikanatigwetsa kutsogolo. Atangotenga chikalata changa cha umwini anachiyang'ana pang'ono n'kufunsa kuti, "Ngongole ya kubanki munamaliza?" Ndinati kalekale, mu 2017. Anandilozera pakona pomwe dzina la banki linali likadalipo. Ukagula galimoto pangongole, boma limalemba kuti wobwereketsayo ali ndi gawo pa galimotoyo, ndipo dzinalo silifufutika lokha tsiku lomwe wapereka ndalama yomaliza. Ku South Africa kaundula wawo amachita kusiyanitsa anthu awiri, mwini chikalata ndi mwini galimoto woigwiritsa ntchito, ndipo ngongole isanathe mwini chikalata amakhala banki. Ine zaka zonsezi ndinkayenda ndi galimoto yomwe pamapepala sinali yanga ndekha. Panafunika kalata yochokera kubanki yonena kuti alibenso nane mangawa, komanso kandalama kena kuboma kochotsera dzinalo. Kameneka sikanali pamndandanda, koma mayiwo anandiuza nthawi yomweyo kuchuluka kwake ndipo lisiti lake linadzabwera. Pamenepa ndilibe dandaulo.

Nyenyezi yoyamba inathothoka tikulemba fomu ya msonkho. Mnyamata wa pa WhatsApp uja, amene tsopano ndinamuona maso ndi maso, anatsitsa mawu n'kuti, "Apa pa mtengopa tingolemba theka. Aliyense amatero, msonkho utsika." Aphunzitsi maso anawala, ndipo sindikuwada nazo, msonkhowo unali wawo. Koma taganizani mbali yanga. Phindu la bodzalo likupita kwa wogula, siginecha yotsimikiza bodzalo ndi yanga. Komanso mawa galimoto itavuta, tikakokerana kubwalo la milandu, pepala lokhalo lokhala ndi chidindo likunena kuti malonda anali a theka, pomwe muakaunti yanga munalowa ndalama yonse. Ndikafotokoza bwanji?

Ndiponso maboma nawo sagona. Ku Texas, ku America, msonkho wa 6.25 peresenti amauwerengera pa mtengo womwe mwalemba kapena pa 80 peresenti ya mtengo womwe boma lenilenilo laiyerekeza galimotoyo, n'kutenga chachikulu pa ziwirizo. Ku Spain boma lili ndi mndandanda wake wa mitengo potengera mtundu wa galimoto ndi zaka zake. Ku New South Wales kuja amatenga chachikulu pakati pa mtengo wogulira ndi mtengo wapamsika. Njira yolemba theka anaitulukira kale, ndipo m'malo otere umangodziika pachiswe popanda chopindula. Ndinakana, tinalemba mtengo weniweni. Chomwe chinandinyansa si ulesi wa mnyamatayo koma kuzolowera kwake. Anazinena ngati akundifunsa ngati ndikufuna envulopu. Kampani yomwe ndailipira kuti mapepala anga akhale oyera siiyenera kukhala yoyamba kundipatsa maganizo owadetsa.

Tsiku loyezetsa galimoto ndinali pa ofu, ndiye ndinapita nawo limodzi ndi dalaivala wawo. Ndinali ndisanaonepo mmene amachitira. Galimoto amailowetsa m'chishedi chachitali, n'kuiimika pamwamba pa dzenje. Bambo wina wovala ovolosi anatsikira m'dzenjemo ndi tochi, ndipo ndinkangomva kugogoda kwa kachitsulo pansi pa galimoto, go go go, kwinaku akukuwira dalaivala kuti apotoze chiwongolero uku ndi uku. Kenaka matayala anawaika pa zitsulo zozungulira, dalaivala n'kuponda buleki, manambala n'kumaoneka pa sikirini pakhoma. Mabuleki a kutsogolo anakhoza, a kumbuyo anakhoza. Atakoka handibuleki, mbali imodzi nambala inakwera bwino, inayo inangogwedezeka pang'ono n'kuima. Bambowo sanalankhule, anangolemba. Atazungulira kumbuyo anauza dalaivala kuti ayatse magetsi, n'kundikodola ndi chala. Kababu kowunikira nambala ya galimoto kanali kakufa. Zaka 11, ndipo ndinali ndisanaimepo kumbuyo kwa galimoto yanga usiku magetsi ali choyaka. Mwina kanafa chaka chomwe ndinaigula, ndani akudziwa.

Galimoto inalephera. Makaniko anamanga waya wa handibuleki ndi kusintha kababu m'theka la ola, koma kubwereranso padzenje paja kunali ndi malipiro akeake. Apa ndiye pomwe ndinakwiya, chifukwa pa chikwangwani cha kampaniyo analemba kuti amayamba aiona okha galimoto asanapite nayo koyeza. Nditamufunsa dalaivala anati, "Tinaiona mayi, imaoneka yabwinobwino." Kuiona kwake kunali kuiyang'ana utoto. Mwana wasukulu akanatha kuima kumbuyo n'kunena kuti babu silikuyaka. Ngati mukuyezetsa galimoto yanu, madzulo a dzulo lake muitane munthu aime kumbuyo, inu muziyatsa chilichonse chimodzichimodzi, kenaka muiimike pamtsetse mukoke handibuleki muone ngati igwira. Ndalama yoyezetsa kachiwiri imapita pa tinthu totere.

Cholakwika chachikulu sichinali babu koma ndondomeko. Chiphaso choti galimoto yayezedwa chimakhala ndi masiku ake. Ku South Africa ndi masiku 60. Ku California chiphaso choyeza utsi wa galimoto, chomwe ndi udindo wa wogulitsa, chimagwira masiku 90. Ku France galimoto yopitirira zaka 4 ikamagulitsidwa imayenera kukhala itayezedwa m'miyezi 6 yapitayo. Ndiye munthu wodziwa ntchito amayamba ndi pepala lochedwa kutuluka, n'kumalizira ndi lomwe limatha msanga. Mayi aja anali atanena tsiku loyamba kuti tidikire kalata ya kubanki. Anzawo a m'chipinda chamkati sanamve kapena sanasamale, anakalembetsa tsiku loyezetsa sabata yomweyo. Kalata ya kubanki inatenga masabata asanu. Pomwe inkafika, chiphaso chathu chinali chitatsala masiku owerengeka, ndipo ikanachedwako pang'ono ndikanalipira kuyezetsa kachitatu. Muofesi imodzi, anthu osakwana khumi, koma dzanja lamanja silidziwa zomwe lamanzere likuchita.

Za chindapusa chakale ndidutsapo msanga chifukwa mlandu ndi wanga. Kafukufuku wawo anapeza kuti kamera ina inandijambula ndikuthamanga zaka ziwiri zapitazo, kalata inapita kunyumba yomwe ndinasamukako, ndipo ndalamayo inali itabereka chilango cha kuchedwa. Dzina silikanasintha chisanaperekedwe. Ndinapereka. Ndikanafufuza ndekha ndisanalengeze malonda, bwenzi nditadziwiratu kuti m'thumba mutsala zingati.

Koma pali kanthu kena komwe mayiwo anachita, komwe ndimakakumbukirabe. Mafomu onse atatayipidwa, asanawaike mu envulopu, anatenga cholembera n'kuyamba kuwerenga nambala ya chassis, yomwe imadindidwa pathupi la galimoto, ndi nsonga yake, chilembo chimodzichimodzi, milomo ikugwedera. Anafika pa 17, anagwedeza mutu, n'kubwereranso poyamba. Pakati penipeni anaima. "Uyu ndi O, si ziro," anatero. Ine sindinkaona kusiyana kulikonse. Anandifotokozera kuti nambala za zilembo 17 zimenezi, zomwe zinakhazikika kuyambira 1981, sizikhala ndi I, O kapena Q, dala, kuti zisasokonezeke ndi 1 ndi 0. Sanakhulupirire ngakhale chikalata changa chakale. Anadzuka, tinatuluka panja, anawerama pagalasi lakutsogolo n'kuwerenga pa kachitsulo komwe kali m'munsi mwake, kenaka anatsegula chitseko n'kuyerekeza ndi yomwe ili pamphuthu. Inali ziro. Wotayipa anali mnyamata wa pa WhatsApp yemwe uja. Fomuyo ikanapita choncho ikanabwezedwa, tikanayambiranso mzere, ndipo chiphaso chathu chotsala masiku ochepa chija chikanathera m'njira. Ntchito yomwe ndinalipirira inali imeneyi, munthu wodziwa pomwe mapepala amafera.

Tsopano ndifike pomwe nyenyezi yachiwiri inagwera, ndipo ngati mwatopa kuwerenga, apa pokha musadumphe. Ndalama italowa muakaunti yanga, aphunzitsi anapempha makiyi chifukwa teremu inali itayamba ndipo sukulu yawo ili kutali. Ndinafunsa kukampani ngati palibe vuto. Anati, "Apatseni mayi, dzina lisintha posachedwapa." Posachedwapa wawoyo anakhala masabata 7. Nthawi yonseyo galimoto inkayenda ndi munthu wina, koma m'kaundula wa boma mwini wake ndinali ine. Sabata yachinayi ndinalandira kalata ya chindapusa choimika galimoto pamalo oletsedwa, mumsewu womwe sindinaupondepo chibadwire. Aphunzitsi ndi munthu wachilungamo, anapepesa ndipo analipira tsiku lomwelo. Koma usiku umenewo ndinagona chagada kuganiza kuti bwanji ikanakhala ngozi, munthu wagundidwa, woyendetsa wathawa. Apolisi akanalemba nambala ya galimoto, kompyuta ikanatulutsa dzina langa, ndipo akanagogoda pakhomo panga.

M'mawa ndinawaimbira mayi aja. Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Fomu yodziwitsa boma kuti mwagulitsa sanakusayinitseni?" Sanandisayinitse. Ndinali ndisanamvepo n'komwe kuti iliko. Ndi pepala la wogulitsa, losiyana ndi la wogula, longonena kuti kuyambira tsiku lakuti galimoto yakuti inachoka m'manja mwanga kupita kwa uje. Maboma ambiri amalipatsa masiku ake: ku California masiku 5, ku France masiku 15, ku South Africa masiku 21 pa fomu yachikasu yotchedwa NCO. Ku Britain ukapanda kudziwitsa a DVLA, ofesi ya boma yosunga kaundula wa magalimoto, ukhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 1,000. M'malo ambiri pepalali ndi laulere kapena la ndalama yochepa kwambiri, koma pa mapepala onse a malondawa ndi lokhalo lomwe limateteza wogulitsa. Ena onsewo amathandiza wogula ndi boma.

Nditafunsa abwana a kampaniyo chifukwa chake sanalipereke tsiku lomwe ndinapereka makiyi, anati iwo amakonda kukapereka zonse pamodzi kumapeto kuti asayende kawiri. Ndiye kuti anapulumutsa ulendo wawo umodzi poika dzina langa pamoto kwa mwezi wathunthu. Ndikuganizanso kuti pepala lopanda mtengo silikhala ndi mzere pa invoisi, ndipo chomwe chilibe mzere pa invoisi muofesi muja palibe amachikumbukira. Nanenso ndili ndi gawo langa, safunsa anadya phula. Koma ndinalemba akatswiri chifukwa sindinkadziwa choti ndifunse. Mayiwo analitumiza tsiku lomwelo ndipo anandipatsa kope yokhala ndi chidindo ndi deti. Inshuwalansi ndinaimbira ndekha kuti aithetse, n'kundibwezera ya miyezi yotsala. Zimenezonso kampani sinandikumbutse.

Mchemwali wanga amakhala ku England ndipo anagulitsa yake chaka chomwecho. Nditamufotokozera zanga anaseka mpaka kutsokomola. Iye ndi wogula galimotoyo anakhala patebulo, anatenga nambala ya pa chikalata chawo cha umwini chotchedwa V5C, analemba pafoni, anang'amba kapepala kobiriwira n'kumupatsa wogulayo, basi. Kumeneko kuyambira mu Okutobala 2014 msonkho wa pamsewu suyenda ndi galimoto. Wogulitsa amabwezeredwa ya miyezi yathunthu yotsala, wogula amadula wake asanaiyendetse. Ndinamuuza kuti asanyade kwambiri, chifukwa mwezi womwe malonda achitikira boma limadya kawiri: wogulitsa sabwezeredwa masiku otsala a mweziwo, wogula amalipira kuyambira pa 1. Anavomera kuti n'zoona. Kwa ine laisensi inali itatsala miyezi isanu ndipo inapita ndi galimoto. Ndikanadziwa ndikanaiwerengera pa mtengo, kapena kuitchulako pomwe tinkakangana za msonkho. Ili ndi funso loyenera kufunsa musanatchule mtengo kwa aliyense: laisensi yotsala ibwerera kwa ine kapena ipita ndi galimoto?

Ntchito itatha ndinapempha malisiti. Ananditumizira invoisi yawo, yokongola, ya chizindikiro cha kampani pamwamba, mizere 7 ija ili momwemo. Ndinati ayi, ndikufuna malisiti a kuboma. Lisiti la boma limadziwika: pamakhala dzina la ofesi yolandira ndalama, nambala yakeyake, deti, nambala ya galimoto, ndi chomwe ndalamayo yalipirira. Anati ali mufayilo. Sabata inatha. Anati amene amasunga fayilo wapita kumaliro. Sabata ina inatha. Ndinapita ndekha, ndinakhala pabenchi n'kunena kuti shifiti yanga ikuyamba 7 koloko usiku, nthawi ndili nayo. Fayilo inapezeka pasanathe mphindi 20.

Ndinayala malisitiwo padesiki n'kumayerekeza ndi mndandanda, monga ndimachitira ndi zotsatira za magazi. Yosinthira dzina inagwirizana. Ya chikalata inagwirizana. Msonkho unagwirizana mpaka kumapeto kwake. Yofufuzira ngongole inagwirizana. Yoyezetsa anali ataikweza pang'ono, ati pofuna kuti nambala ikhale yosavuta kuwerenga. Nanga "zina ndi zina"? Panalibe kapepala ngakhale kamodzi. Abwana anati ndi mafuta a galimoto, mafotokope, ndi tina toti fayilo iziyenda msanga. Ndinafunsa kuti, "Bambo, mafuta ndi mafotokope si ndiye malipiro a ntchito yanu aja? Nanga toyendetsa fayiloto timapita m'thumba mwa ndani?" Anaseka, sanayankhe. Ndinawakumbutsa kuti uthenga wawo woyamba unati za boma ndi zathu, ndiye mzerewu asankhe mbali. Ngati ndi wa boma andipatse lisiti, ngati ndi wawo anene kuti ntchito yawo ndi yodula kuposa mmene amalengezera. Anandibwezera theka la mzerewo ndi kapamwamba ka koyezetsa kaja. Theka linalo ndinalisiya, mphamvu zinali zitatha.

Sindikunena kuti ndi akuba. Pa ndalama zazikulu, makamaka msonkho, sanatapepo kanthu, ndipo ndi abwino kutalitali kuposa madobadoba omwe amakuthamangira pageti, oti ukawapatsa mapepala ako sudziwa kokawapeza mawa. Awa ali ndi ofesi, ali ndi benchi yoti ukakhalepo mpaka fayilo ituluke. Ngati galimoto yanu ili ndi chokola, dzina la banki, mwini wake anamwalira, chikalata chinatayika, kapena nambala sizikugwirizana, munthu wodziwa makomo ndi wofunika ndipo ndalamayo siipita pachabe. Koma ngati mapepala anu ali oyera, dzina ndi lanu lokha, zindapusa mulibe, ndiye mukugula malo pamzere basi, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Tengani tsiku limodzi, mupite ndi wogula wanu, aliyense alipire zake pawindo n'kulandira lisiti m'manja. Mukasankha kuwalemba, muwauze zinthu ziwiri musanapereke kalikonse: mndandanda wopatula za boma ndi zawo, ndiponso kope ya fomu yodziwitsa kuti mwagulitsa, yodindidwa tsiku lomwe makiyi akuchoka m'manja mwanu.

Chikalata chatsopano chinatuluka Lachinayi lina, ndipo aphunzitsi ananditumizira chithunzi chake, dzina lawo lili pomwe panali langa, pakona paja pali mbee. Mawa lake ndinadzera kuofesi kuja kukathokoza mayi a padesiki. Ndinawapeza atawerama pa fomu ya munthu wina, nsonga ya cholembera ikuyenda pa zilembo, ndiye ndinadikira mpaka afike pa 17. Potuluka, mnyamata uja anandithamangira pakhomo. "Mayi, mukatilembereko ndemanga pa Facebook, mutipatse zisanu." Ndinamuuza kuti ndilemba.